Musanafomate kompyuta, pezani kaye komwe mapulogalamu amasunga ma settings anu

Anthu ambiri akafuna kufomata kompyuta kapena kusamukira pa laputopu ina amakopa Documents, Desktop, zithunzi ndi nyimbo basi nkumaona ngati zonse zatheka. Windows yatsopano ikalowa mpamene zimaonekera: Firefox yatseguka ilibe bookmark ndi imodzi yomwe, Word yayambanso kujambula mizere yofiira pansi pa mawu a Chichewa onse aja munavutika kuwalowetsa mu dikishonale, signature ya mu Outlook kulibe, ma scene a OBS omwe mumaulutsira mapemphero pa Facebook kulibe, mukafunsa wokonza uja akuti iye anakopa zonse zomwe anaziona. Sakunama ayi, kungoti zinthu zimenezi sizikhala mu Documents, komanso sizikhala mu Program Files momwe pulogalamuyo inaikidwa, zili ndi foda yakeyake yotchedwa AppData, yomwe Windows imaibisa dala.

Panopa nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri poti Microsoft inasiya kupereka ma update anthawi zonse a Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye ena akusamukira ku Windows 11 ena akuyesa Linux. Ndikhazikika kwambiri pa Windows, a Mac ndi Linux gawo lanu lili chakumapeto.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Flash kapena hard drive yakunja yokhala ndi malo okwanira. Ya 16GB imakwana ngati mukungotenga ma settings, koma ngati muli ndi ma imelo ambiri mu Thunderbird kapena Outlook pezani yaikulu. Ionetseni kaye antivirus, ma flash omwe azungulira mma stationery ndi mma cafe nthawi zambiri amabwera ndi ka virus kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut.

Pasiwedi ya akaunti yanu ya Windows, ndipo ikakhala akaunti ya administrator ndi bwino.

Chaja, ndipo batire likhale lodzadza. Magetsi akathima kukopa kuli mkati mutsala ndi mafayilo oduka omwe amaoneka ngati alipo koma osatseguka. A desktop opanda UPS, batire lija losunga moto magetsi akathima, sankhani nthawi yomwe mukudziwa kuti kwanuko magetsi sathimathima.

Pepala ndi cholembera. Lembani mayina a mapulogalamu omwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, pambali pake version yake, imapezeka pa Help kenako About.

7-Zip, ndi yaulere, tidzaifuna potseka zomwe takopa ndi pasiwedi.

Sitepe 1: Tsegulani foda ya AppData

Dinani batani la Windows limodzi ndi R, katuluka kabokosi kakang'ono ka Run. Lembanimo %APPDATA% ndendende mmene ndalemberamu, ndi zizindikiro za peresenti mbali zonse ziwiri, kenako Enter. Mufikira mu C:\Users\dzinalanu\AppData\Roaming ndipo muona mafoda ambirimbiri, ena a mayina a mapulogalamu ena a mayina a makampani. Mukalemba %LOCALAPPDATA% mufikira mu AppData\Local.

Mukafuna kumaiona foda ya AppData nthawi zonse, tsegulani File Explorer, pa Windows 10 pitani pa View nkuchonga Hidden items, pa Windows 11 ndi View kenako Show kenako Hidden items. Ibwera pansi pa dzina lanu ili yotuwirako kusiyana ndi mafoda ena.

Chenjezo: akaunti iliyonse pa kompyuta ili ndi AppData yake. Ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito ndi akunyumba kapena anzanu a mu ofesi ndipo aliyense amalowa ndi dzina lake, %APPDATA% ikutengerani kwa amene walowa nthawi imeneyo basi. Aliyense alowe ndi kukopa zake.

Sitepe 2: Dziwani kusiyana kwa mafoda atatu omwe ali mkatimo

Mu AppData muli Roaming, Local ndi LocalLow.

Roaming ndi yomwe tikuifuna kwambiri. Muno mumakhala zomwe inu munasankha, ma template, ma profile, dikishonale, ma signature. Inakonzedwa kuti mmaofesi akuluakulu okhala ndi seva zinthuzi zizimutsatira munthu akalowa pa kompyuta ina, nchifukwa chake mapulogalamu amayesetsa kuikamo zinthu zing'onozing'ono zofunika, ngakhale ena monga Thunderbird amangounjikamo ndi ma imelo omwe.

Local imayenera kukhala ya zinthu za kompyuta imeneyo yokha, cache, mafayilo osakhalitsa a mu Temp, zolemera zomwe pulogalamu ikhoza kupanganso yokha. Koma musaidelere, Chrome ndi Edge amasunga zonse kumeneko, ma bookmark ndi history yomwe, ndipo mapulogalamu ochokera mu Microsoft Store ali ndi malo awo mu Local\Packages.

LocalLow ambiri sadzaifuna, kupatula osewera magemu poti magemu ena amasunga ma save mmenemo.

Palinso C:\ProgramData, nayonso ndi yobisika, muno mumakhala ma settings okhudza onse ogwiritsa ntchito kompyutayo. Suzumiranimo muone ngati muli foda ya pulogalamu yofunika kwa inu, makamaka mapulogalamu a kuntchito.

Chenjezo: musangotenga AppData yonse nkuikoka kupita pa flash. Local ikhoza kukhala ma GB ambiri a cache opanda ntchito, mafayilo ena amakana kukopedwa poti Windows ikuwagwiritsa ntchito, ndipo ena ali mkati mwa mafoda ambiri motsatizana mpaka dzina lonse limadutsa zilembo 260, Explorer nkuyamba kudandaula kuti njira yatalika. Sankhani zomwe mukufuna.

Sitepe 3: Tsekani mapulogalamu onse, kutsekeratu

Kudina X sikokwanira. Telegram, Chrome, Outlook ndi ena amatha kupitiriza kugwira ntchito chakumbuyo. Yang'anani pa kamuvi kaja pafupi ndi wotchi pansi kumanja, chomwe chili pamenepo pangani right click nkusankha Quit kapena Exit. Mukatero dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka, onani ngati dzina la pulogalamuyo likadalipo.

Chifukwa chake nchakuti mapulogalamu ambiri amalemba ma settings pa nthawi yotseka, ndipo ma browser amasunga zinthu mma database omwe akakopedwa ali otsegula amatha kuonongeka.

Sitepe 4: Koperani pulogalamu imodziimodzi

Pa flash pangani foda, itchuleni ma-settings ndi deti la lero, mkati mwake pangani ziwiri, Roaming ndi Local, kuti pobweza musadzasokoneze kuti ichi chinachokera kuti. Tsopano tengani pepala lija.

Firefox: tengani foda yonse ya %APPDATA%\Mozilla\Firefox. Mukalowa mu Profiles muona foda ya dzina losamveka, zilembo ndi manambala 8 osakanikirana kenako .default-release, imeneyo ndiye profile yanu. Mkatimo places.sqlite ndi ma bookmark ndi history, logins.json ndi key4.db ndi mapasiwedi ndipo awiriwa amayendera limodzi, mukatenga imodzi nkusiya inzake mapasiwedi satseguka. Mukaona ma profile awiri kapena atatu osadziwa yeniyeni, musanatseke Firefox lembani about:profiles pamwamba polemba adilesi paja, ikuuzani yomwe ikugwira ntchito.

Thunderbird: %APPDATA%\Thunderbird yonse. Onani kaye kukula kwake pa Properties, ma imelo a zaka zambiri amalemera.

Chrome: apa mpomwe anthu amapwetekeka kwambiri. Zinthu zake zili mu %LOCALAPPDATA%\Google\Chrome\User Data, mu foda ya Default, kapena Profile 1, Profile 2 ngati muli ndi ma profile angapo, ndipo mukalemba chrome://version muona pa Profile Path yomwe ili yanu. Ma bookmark ali mu fayilo yotchedwa Bookmarks yopanda chilichonse kumapeto kwa dzina, imeneyo imasamuka bwinobwino. Mapasiwedi ayi. Chrome imawatseka pogwiritsa ntchito akaunti ya Windows yomwe ilipo panopa, ndiye mukafomata kapena kupita nawo pa kompyuta ina, fayiloyo ikhalapo koma mapasiwedi osatseguka. Njira ndi ziwiri: kuyatsa Sync ndi akaunti ya Google, kapena kulowa mu Google Password Manager mkati mwa Chrome, pa Settings, nkusankha Export passwords. Fayilo ya CSV yomwe ituluke ili ndi mapasiwedi anu onse poyera, aliyense akhoza kuitsegula mu Excel nkuwerenga, ndiye mukangomaliza kuwabweza ifufuteni ndi mu Recycle Bin momwe. Edge nayo ndi chimodzimodzi, yake ili mu %LOCALAPPDATA%\Microsoft\Edge\User Data.

Word ndi Outlook: zawo zinamwazikana mu %APPDATA%\Microsoft. Mu Templates muli Normal.dotm, momwe mumakhala font ndi masitayelo omwe munasankha kuti dokyumenti iliyonse yatsopano iziyambira, ndi ma macro ngati munapangapo. Mu UProof muli CUSTOM.DIC. Itseguleni mu Notepad muone, mawu aliwonse omwe munadinapo Add to Dictionary ali mmenemo, liwu limodzi pa mzere wake, zikomo, mfumu, Chiradzulu, mayina a ana a sukulu, mayina a midzi. Kwa ife olemba Chichewa tsiku ndi tsiku kafayilo kameneka nkamtengo wapatali ngakhale nkochepa zedi, ndipo mukhoza kulembamo mawu ena pamanja kapena kugawana ndi mnzanu. Ena mukalowa pa File, Options, Proofing, Custom Dictionaries mupeza kuti yomwe ikugwira ntchito ndi RoamingCustom.dic, imeneyo imayenda ndi akaunti ya Microsoft. Mu Signatures muli ma signature a Outlook. Mu Office muli mafayilo othera ndi .acl, amenewo ndi AutoCorrect.

Ma imelo a Outlook ndi nkhani ina. Fayilo ya .pst nthawi zambiri imakhala mu Documents\Outlook Files ndipo ndi yofunika kuitenga, pomwe ya .ost yomwe ili mu %LOCALAPPDATA%\Microsoft\Outlook ndi kope chabe la zomwe zili pa seva, Outlook idzazikokanso yokha, kungoti idzadya bandulo.

LibreOffice: %APPDATA%\LibreOffice\4\user. Nambala 4 isakudabwitseni, ndi ma version atsopano omwe akugwiritsabe ntchito foda yomweyo.

VLC: %APPDATA%\vlc, fayilo yaikulu ndi vlcrc. Audacity: %APPDATA%\audacity. GIMP: %APPDATA%\GIMP, mkati muli foda ya nambala ya version, ma brush ndi zina zomwe munaonjezera zili mmenemo. VS Code: %APPDATA%\Code\User, makamaka settings.json ndi keybindings.json. Notepad++: %APPDATA%\Notepad++, ndipo ma tab aja simunasevepo koma amabwerabe mukatsegula amakhala mu foda ya backup mkati momwemo.

OBS Studio: %APPDATA%\obs-studio. Ma scene onse, ma profile, ma settings a maiki ali muno. Koma zithunzi, ma logo ndi mavidiyo omwe munaika mma scene sali muno, OBS imangokumbukira komwe ali, ndiye akopereni padera ndipo pa kompyuta yatsopano aikeni pa malo ofanana ndi akale, apo ayi idzakufunsani kuti muilozere komwe apita.

Sticky Notes, timapepala tachikasu tija ta pa Desktop: lowani mu %LOCALAPPDATA%\Packages, pezani foda yoyamba ndi Microsoft.MicrosoftStickyNotes, mu LocalState muli plum.sqlite. Tengani LocalState yonse.

Telegram Desktop ine ndimalangiza kuti musakope. Foda ya tdata mu %APPDATA%\Telegram Desktop imasunga kulowa kwanu, munthu akaipeza akhoza kutsegula akaunti yanu pa kompyuta yake osafunsidwa code. Ma chat ali pa seva kale, mudzangolowanso ndi foni.

Sitepe 5: Zomwe zili mu Registry

Mapulogalamu ena sasunga mu fayilo yomwe mungaione, amalemba mu Registry, nkhokwe ya ma settings ya mkati mwa Windows. 7-Zip, WinRAR, PuTTY ndi mbali yaikulu ya Microsoft Office ali mgulu limeneli.

Windows ndi R, lembani regedit, vomerani ikafunsa. Kumanzere tsegulani HKEY_CURRENT_USER kenako Software, mupeza mayina a makampani ndi mapulogalamu. 7-Zip ili pa dzina lake, WinRAR chimodzimodzi, PuTTY ili pansi pa SimonTatham, Office ili pa Microsoft\Office\16.0 ndipo 16.0 imeneyi ndi ya Office 2016, 2019, 2021 ndi Microsoft 365 yomwe. Pangani right click pa dzina lomwe mukufuna, sankhani Export, sevani fayilo ya .reg pa flash. Pobweza ndi kungoidina kawiri nkuvomera.

Chenjezo lalikulu: muno musafufute kapena kusintha chilichonse chomwe simukuchidziwa, mulibe batani la Undo ndipo zosintha zimagwira pompo. Komanso musapange Export HKEY_CURRENT_USER yonse nkukaithira pa Windows yatsopano, mubweza ndi mavuto omwe aja munafomatira kompyuta. Kunena zoona za Office ine ndimaona kuti nkwabwino kungotcheranso pamanja, poti mu Registry yake mumadzadza njira za mafayilo zokhala ndi dzina la akaunti yakale. Koma wa PuTTY wokhala ndi ma session ambiri, Export imamupulumutsa.

Sitepe 6: Pulogalamu yanu ngati sindinaitchule

Yambani ndi kufufuza dzina la kampani, osati la pulogalamu lokha, Firefox ili pansi pa Mozilla, Chrome pansi pa Google, Photoshop pansi pa Adobe. Onani mu Roaming, mu Local, mu ProgramData, komanso mu Documents poti magemu ndi mapulogalamu ena amapanga mafoda awo kumeneko.

Zikakanika chitani chonchi. Tsegulani pulogalamuyo, sinthani setting imodzi yosaopsa monga mtundu wa theme, itsekeni. Pitani mu AppData, pa bokosi la Search pamwamba kumanja lembani datemodified:today, zikatuluka zisanjeni potengera Date modified kuti zatsopano zikhale pamwamba. Fayilo yomwe yasintha mphindi yomweyo, ya dzina lothera ndi .ini, .json, .xml kapena .cfg, ndi imeneyo. Ngati palibe chomwe chasintha mwina ili mu Registry.

Mapulogalamu a portable, aja osafuna kuikidwa, amasunga ma settings mu foda yawo momwemo, tengani foda yonse basi.

Sitepe 7: Tsimikizani, kenako tsekani ndi pasiwedi

Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Musafomate musanaone ndi maso kuti zomwe zili pa flash nzathunthu. Pangani right click pa foda yoyambirira, Properties, onani Size ndi chiwerengero cha mafayilo, chitaninso chimodzimodzi pa ya pa flash, manambala afanane. Tsegulani fayilo imodzi kapena ziwiri kuchokera pa flash, CUSTOM.DIC ija kapena settings.json, muone ngati zikuwerengeka.

Flash ikakhala ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB, ndiye .pst yaikulu ikana ngakhale malo alipo. Ifomateni flash yo kukhala exFAT kapena NTFS musanayambe kukopa.

Mukatsimikiza, pangani right click pa foda ya ma-settings, 7-Zip, Add to archive, lembani pasiwedi. Pa Windows 11 mwina muyambe mwadina Show more options kuti 7-Zip ioneke. Mukatero yesani kuitsegula archive yo, ikatseguka fufutani foda yosatseka ija pa flash. Muli mapasiwedi a Firefox mmenemo, muli stream key ya OBS, muli ma imelo, ndipo flash imabwerekedwa, imaiwalika mthumba, imatayika mminibasi. Ngati nkotheka sungani kope lachiwiri pa malo ena.

Sitepe 8: Kubweza pa Windows yatsopano

Ndondomeko yake isasinthe. Ikani pulogalamuyo kaye, itseguleni kamodzi kuti ipange mafoda ake, itsekeni kutsekeratu ngati pa sitepe 3. Pitani mu %APPDATA%, kapena mu %LOCALAPPDATA% kwa zomwe munatenga mu Local, foda yatsopano yomwe yapangidwa musaifufute, ingoisinthani dzina poonjezera .old kumapeto, kenako ikani yanu yochokera pa flash pamalo pake. Tsegulani pulogalamu muone. Zikasokonekera chotsani yomwe mwaika nkubwezera dzina la ija ya .old, palibe chomwe mwataya.

Foda ya Microsoft musaisinthe dzina yonse, muli zinthu za Windows yeniyeniyo mkatimo. Lowani mkati nkuika Normal.dotm mu Templates, CUSTOM.DIC mu UProof, ma signature mu Signatures, chimodzichimodzi.

Firefox ikatseguka ili mbee ngati yatsopano musade nkhawa, pitani pa about:profiles, pezani profile yanu yakale, dinani Set as default profile nkuitsegulanso.

Chenjezo: version yomwe mwaika ikhale yofanana kapena yatsopano kuposa yomwe munalemba papepala. Ambiri timaika mapulogalamu kuchokera pa ma setup akale omwe tinasunga pa flash populumutsa bandulo, ndiye Firefox yakale ikapeza profile yochokera ku yatsopano imakana nkukuuzani kuti mupange ina. Ipangeni update kaye.

Bwezani pulogalamu imodzi, yesani, kenako ina. Mukathira zonse nthawi imodzi chinachake nkuvuta simudziwa chayambitsa.

Ngati kompyuta yafa kale kapena mwafomata kale

Ngati siikuyaka koma disiki ili bwino, ichotseni nkuilumikiza pa kompyuta ina ndi adaputa ya USB. Apa %APPDATA% sikuthandizani poti ikutengerani kwa mwini kompyuta yomwe mwabwerekayo, muyende pamanja, chilembo cha disikiyo kenako Users, dzina lanu, AppData, mutayatsa Hidden items. Ikakuuzani kuti mulibe chilolezo dinani Continue. Ikafunsa BitLocker recovery key, kiyi wotsegulira disiki yomwe Windows inaitseka, ndi manambala 48, ndipo ngati munkalowa ndi akaunti ya Microsoft mukawapeza mu akauntiyo pa intaneti. Ma laputopu ambiri a Windows 11 amabwera disiki ili yotsekedwa kale mwini wake osadziwa, ndiye kiyi ameneyu muoneni lero kompyuta ikadali moyo.

Ngati Windows inaikidwa pamwamba pa yakale osafufuta disiki, onani ngati pali C:\Windows.old, mkati muli Users ndi AppData yanu yakale. Fulumirani, mukapanga upgrade Windows imaichotsa yokha pakatha masiku 10.

Pulogalamu ikayamba kuchita zachilendo

Chidziwitso chomwechi chimathandizanso pokonza. VLC ikamatseguka zenera lili losokonekera kapena LibreOffice ikamangodzitsekera, anthu amathamangira Uninstall nkuikanso koma vuto osachoka, chifukwa Uninstall nthawi zambiri siikhudza AppData, pulogalamu yatsopano imapeza ma settings oonongeka omwe aja akuidikira. Itsekeni, sinthani dzina la foda yake mu Roaming kukhala vlc.old, kapena user.old kwa LibreOffice, nkuitsegulanso. Ipanga yatsopano yoyera. Word ikamatsegula dokyumenti iliyonse ndi font yachilendo kapena mizere yotalikirana, sinthani dzina la Normal.dotm, idzipangira ina.

A Mac

Zonse zili mu foda ya Library ya mkati mwa akaunti yanu, nayonso ndi yobisika. Mu Finder dinani Command, Shift ndi G, lembani ~/Library. Mu Preferences muli mafayilo a .plist a mayina oyamba ndi com kapena org, mu Application Support muli ma profile a Firefox, Chrome ndi ena, mu Containers muli za mapulogalamu a mu App Store. Caches isiyeni. Mukasintha kapena kubweza .plist, izimitseni Mac nkuiyatsanso, poti macOS imasunga ma settings ena mu memory ndipo ikhoza kulemba akale pamwamba pa omwe mwaika. Pa Mac njira yosavuta ndi Time Machine ndi Migration Assistant, zimatenga Library yonse.

A Linux

Tsegulani foda ya Home, dinani Ctrl ndi H, mafoda oyamba ndi kadontho atulukira. Ma settings ambiri ali mu .config, monga .config/vlc ndi .config/libreoffice, zina zili mu .local/share, ndipo .cache ndi yosafunika kutenga. Thunderbird ili ndi .thunderbird, Firefox kawirikawiri .mozilla. Chosokoneza ndi kaikidwe ka pulogalamu: pa Ubuntu kuyambira 21.10 Firefox imabwera ngati snap ndiye profile ili mu snap/firefox/common/.mozilla, pomwe za Flatpak zimakhala mu .var/app. Mukakaika, about:profiles ikuonetsani. Chosangalatsa nchakuti profile ya Firefox kapena Thunderbird yochokera pa Windows imagwira pa Linux, mumangokopera zamkati mwa profile yakale nkuziika mu profile yatsopano pulogalamu ili yotseka.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kukopa foda ya mu Program Files poganiza kuti mwatenga pulogalamu ndi ma settings ake. Simunatenge ma settings, ndipo pulogalamuyo nthawi zambiri siigwira pa kompyuta ina popanda kuiika ndi setup.

Kudalira OneDrive. Backup yake imatenga mafoda ngati Desktop, Documents ndi Pictures, AppData siikhudza.

Kudalira Keep my files ya pa Reset this PC. Imasunga madokyumenti ndi zithunzi koma mapulogalamu amachoka ndipo AppData imayeretsedwa.

Kusankha Cut mmalo mwa Copy. Flash ikavuta pakati mutaya mbali zonse, ndipo pulogalamu pa kompyuta yakale itsala yopanda kanthu musanatsimikize kuti backup ili bwino.

Kusunga backup pa Desktop kapena pena paliponse pa C: pomwe pakufomatidwa. Ngakhale D: ikakhala mbali ya disiki yomweyo siyodalirika, wofomata akhoza kufufuta ma partition onse nthawi imodzi.

Kufufuta mafoda mu AppData pofuna kupeza malo pa disiki. Anthu amaona foda yaikulu ya dzina losalidziwa nkuichotsa, mawa Thunderbird ilibe imelo ndi imodzi yomwe. Pofuna malo gwiritsani ntchito Disk Cleanup kapena Storage ya mu Settings, pamanja fufutani za mu %TEMP% zokha, zomwe zikukana zisiyeni.

Kungomuuza wokonza kuti "musunge mafayilo anga". Iye amva Documents ndi zithunzi. Mutchulireni AppData ndi mapulogalamu omwe mukufuna, koma chabwino koposa koperani nokha kunyumba musanaipereke, ndipo mu Chrome ndi Telegram tulukanimo kaye ngati kompyutayo ikagone kumeneko.

Kuiwala ma license. Mapulogalamu ogula amamangirira activation ku kompyutayo kapena ku akaunti, kukopa AppData sikubweza zimenezo, ndiye lembani ma key ndi ma imelo omwe munagulira papepala lomwe lija musanadine Format.